Mwala Wobiriwira wa ku Kansanshi ndi Sikelo ya Lavoisier

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, m'mabuku anu a sayansi muli phunziro lina limene ambiri amangoliloweza pamtima osalimvetsa. Phunzirolo limati zinthu zimasintha m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi kusintha kwa maonekedwe cabe, pamene cinthu ciphwanyika, cisungunuka kapena ciundana, koma cikhalabe cinthu comweco. Njira yaciwiri ndi kusintha kobala cinthu catsopano, cimene panalibe poyamba. Pa Cingerezi kusintha koyambako akucha physical change, ndipo kwaciwiriko chemical change. Mauwa ndi a m'mabuku, koma nchito yake ndi yakale kwambiri m'dziko lathu lino, pakuti amisiri oyenga mkuwa anali kucita kusintha kwa mitundu iwiri yonseyi pa tsiku limodzi, zaka mazanamazana sukulu yoyamba isanamangidwe. Lero titsata mwala umodzi kucokera pa phiri kufikira utasanduka cibangiri ca pa mkono, ndipo tidzaonanso m'mene anthu a maiko akutali anavutikira kuti afotokoze cimene cimacitika m'kati mwa ng'anjo.

Pa mtunda wa makilomita 10 kumpoto kwa Solwezi pali malo ochedwa Kansanshi, pamene lero pali mgodi waukulu wa mkuwa, umene ambiri a ife timaucha kopa. Kale pamalopo panali phiri, ndipo m'miyala yake munali mizere yobiriwira ngati msipu wa m'dzinja. Mwala wobiriwira umenewu dzina lake ndi malachite. Michael Bisson, katswiri wofukula zinthu zakale amene anagwira nchito kumeneko m'zaka za m'ma 1970, anapeza mapale a mbiya ndi zotsalira za mwala wosungunuka, zimene zinasonyeza kuti anthu anayamba kuyenga mkuwa pamalopo zaka zoposa 1,300 zapitazo. Mibadwo yotsatizana inakumba ngalande zazitali ndi zakuya polondola mizere yobiriwirayo. Pamene George Grey anafika mu 1899, atasonyezedwa malowo ndi Kapiji Mpanga, mfumu ya Akaonde, maenje akalewo ndiwo anamuuza kuti pansi pali cuma. Ndi mmene zinaliri ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, kumene William Collier anafika mu 1902. Mabuku ena amati amuna amenewa ndiwo anatulukira mkuwa. Koma munthu amene wacita kugwiridwa dzanja ndi kuimikidwa pamphepete pa dzenje lokumbakumba sanatulukire kanthu, waonetsedwa.

Kayendetsedwe ka nchitoyi tikadziwa bwino kucokera kwa amisiri a ku Katanga, kutsidya kwa malire a dziko lathu, amene anali kuyengabe mkuwa m'njira ya makolo kufikira nthawi ya Azungu, ndipo wansembe wina wa ku Belgium, Jean-Félix de Hemptinne, analemba zimene anaona kumeneko m'zaka za m'ma 1920. Amisiriwo anali kuchedwa akudya mkuwa. Nchito inali kuyamba m'cilimwe, anthu atatha kukolola. Mudzi unali kusamukira kumisasa pafupi ndi phiri. Amuna anali kulowa m'maenje, akazi ndi ana anali kutola miyala yobiriwira ya pamtunda, ndipo ena anali m'thengo kuocha makala a mitengo yolimba monga muwanga.

Tsono taonani zimene zinali kucitikira mwalawo pa masiku oyamba. Unali kugumulidwa ku thanthwe, kuswedwa ndi nyundo kufikira utakhala tizidutswa, kutsukidwa kumtsinje, ndi kusankhidwa kuti mwala wacabe utayidwe. Inali nchito ya thukuta, koma m'zonsezi palibe cinthu catsopano cimene cinabadwa. Kacidutswa kakang'ono ngati njere ya mapira kanali malachite monga momwe thanthwe lonse linaliri malachite. Ngakhale mukanaupera pamphero kukhala fumbi, fumbilo likanakhala lobiriwirabe, ndipo palibe akanatha kusulira cibangiri. Uku ndi kusintha kwa maonekedwe cabe.

Ng'anjo ndiyo inali nkhani ina. Anali kuiumba ndi dothi la pa culu, cifukwa dothi limenelo lipirira moto. M'kati anali kuikamo nkhuni zoyatsira, makala, ndi mtapo wobiriwira uja pamwamba. Pansi pake panali mipope ya dothi yolowetsera mphepo, ndipo kumipopeyo kunali mivukuto ya zikopa za nyama, imene amuna anali kuvukuta mosinthana popanda kulekeza. Moto wophikira nsima sungathe nchito yotere. Mkuwa usungunuka pa madigiri 1,085, pamene madzi awira pa madigiri 100 okha, ndipo kutentha kotero kumafikika ndi makala abwino ndi mphepo yosadukiza.

Mmisiri wamkulu analibe cipangizo coyesera kutentha, ndipo sanali kuona m'kati mwa ng'anjo. Anali kuwerenga zizindikiro. Aliyense amene anaponyapo kacidutswa ka malachite pamakala a moto adziwa kuti kamathetheka, kubiriwira kwake kumatha, ndipo kamada bii. Ici ndi cizindikiro coyamba cakuti mwala uja sulinso mwala uja. Pamene moto unali kukula, malawi oturuka pamwamba pa ng'anjo anali kusintha mtundu, nakhala obiriwira, pakuti mkuwa upatsa lawi mtundu umenewo. Mmisiri anali kupenya malawiwo, kumvera kulira kwa moto, ndi kulamula ovukuta kuti afulumize kapena acepetse. Akalakwitsa, nchito ya masabata ambiri inali kupita pacabe: makala atha, mtapo waonongeka, ndipo mudzi ulibe cogulira nsalu, mcere kapena mikanda caka cimeneco. Koma zikayenda bwino, pogumula ng'anjo anali kupeza pansi pake cinthu cofiira, colemera, conyezimira, cimene ukacimenya ndi nyundo siciphwanyika koma ciphwatalala. Mwala wobiriwira wosweka msanga unalowa, ndipo citsulo cofiira copindika cinaturuka. Apa ndiye pali kusintha kobala cinthu catsopano.

Mkuwa woyambawo unali ndi zitsotso, cotero anali kuusungunulanso m'ng'anjo yaing'ono ndi kuuthira m'zikombole zoumbidwa ndi dothi kapena zojambulidwa mumcenga. Utazizira unali kuturuka monga mipiringidzo, kapena monga mtanda wa nthambi zinai, umene unali kuyenda maulendo ataliatali m'malo mwa ndalama. Pano aphunzitsi acenjere, pakuti ana ambiri amaganiza kuti pamene pali moto pali kusintha kobala catsopano. Si conco ai. Mkuwa wosungunuka ndi mkuwa, ndipo ukaundana m'cikombole ukhalabe mkuwa, monga mafuta a nkhumba asungunuka mumphika ndi kugwirananso m'mawa kukazizira. Moto womwewo, m'manja mwa mmisiri yemweyo, unabala cinthu catsopano m'ng'anjo yoyamba, koma pothira m'cikombole unangosintha maonekedwe.

Kumene mitanda yotere inali kufika tikuona ku Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu uthira mu Zambezi, kumunsi kwa Kariba. Mu 1960 anchito okumba maziko a thanki ya madzi anapeza manda akale pamalopo, ndipo J. H. Chaplin ndi Brian Fagan anafukula mosamala. Anthu oikidwa m'mandamo, amene anakhala ndi moyo ca m'zaka za m'ma 1400 kapena 1500, anagonekedwa pamodzi ndi mikanda ya golide, mikanda ya galasi yocokera kutsidya kwa nyanja, mitanda ya mkuwa yolemera makilogalamu angapo, mitolo ya waya, ndi zipangizo zokokera wayayo. Mmisiri anali kusula mkuwa kukhala kamtengo kowonda, ndi kukakoka kupyola pa kabowo ka m'citsulo, kenaka pa kabowo kocepa koposa, kufikira utakhala waya wotha kukulungidwa pa mkono kapena pa mwendo. Luso lake linali lalikulu, koma kucokera pa mtanda kufika pa cibangiri mkuwa sunasanduke kanthu kena.

Kodi amisiriwo anali kufotokoza bwanji cimene cinali kucitika m'ng'anjo? Anadziwa bwino lomwe kuti sicinali cofanana ndi kuswa kapena kusula, ndipo cifukwa cake anacizinga ndi miyambo. Panali mankhwala oika pansi pa ng'anjo, mapemphero kwa mizimu ya amisiri akale, ndi zoletsa zimene aliyense wogwira nchitoyo anayenera kusunga. M'madera ambiri a Africa, makamaka pakati pa oyenga citsulo, ng'anjo anali kuifanizira ndi mkazi amene abala mwana. Fanizo limeneli si lopusa. Linena cimene buku lanu linena, kuti caturukaco ndi catsopano. Koma panatsala mafunso awiri amene maso okha sakanatha kuyankha. Mtapo wolowa m'ng'anjo unali wolemera koposa mkuwa woturukamo: nanga cotsalaco cinapita kuti? Ndiponso, cifukwa ninji mwala wakuda uja sunali kusanduka mkuwa popanda makala, ngakhale utatenthedwa cotani?

Mafunso omwewa anali kusautsanso anthu a ku Ulaya, amene nawonso anayenga zitsulo zaka zikwi zambiri osadziwa cifukwa cake. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700 sing'anga wina wa ku Germany, Georg Ernst Stahl, anafalitsa yankho limene ophunzira ambiri analandira. Iye anati m'cinthu ciriconse cotha kupsa muli kanthu kosaoneka kochedwa phlogiston, ndipo kupsa ndiko kuturuka kwa kanthu kameneka. Nkhuni zikapsa phlogiston ithawa, patsala phulusa. Citsulo cikatenthedwa pamphepo kapena cikacita dzimbiri, nayonso phlogiston yake yathawa, ndipo catsalaco ndi phulusa la citsulo. Makala, popeza apsa pafupifupi onse osasiya phulusa lambiri, anawayesa phlogiston yokhayokha. Cotero kuyenga kunamveka msanga: mtapo ndi phulusa la citsulo, makala aubwezera phlogiston, ndipo citsulo cibadwanso. Tisawaseke anthu amenewa. Ciphunzitso cao cinaona zoona pa mfundo imodzi yaikulu, yakuti kupsa, dzimbiri ndi kuyenga ndi nkhani imodzi, ndi kuti makala ali ndi nchito ina m'ng'anjo kuonjezera pa kupereka moto.

Koma cinali ndi bala limene silinapole. Ngati citsulo citaya kanthu potenthedwa, phulusa lake liyenera kupepuka. Komatu kale mu 1630 sing'anga wa ku France, Jean Rey, analemba kuti mtovu ndi citsulo cina cochedwa tin zikatenthedwa pamphepo zilemera koposa poyamba. Otsata Stahl ena anangonyalanyaza nkhaniyo, ena nayesa kuithawa ponena kuti phlogiston ndi yopepukitsa zinthu, kotero kuti ikacoka cinthu cilemera.

Njira yoturukira m'vutoli inayamba kuoneka ku Scotland. Joseph Black, m'zolemba zake za mu 1756, anasonyeza kuti mwala wa laimu ukaochedwa upepuka kwambiri cifukwa muturuka mpweya wina umene unali womangika m'mwalamo, ndipo laimu woochayo akakhala pamphepo aumezanso mpweyawo pang'onopang'ono. Mpweya umenewo ndi umene lero tiucha carbon dioxide, womwe uja uturuka m'mphuno mwathu popuma ndi m'mowa pamene ukuwira. Pa makilogalamu 100 a mwala wa laimu weniweni, makilogalamu 44 amauluka motero, ndipo ndi zimene zicitika tsiku ndi tsiku m'ng'anjo za laimu ku Ndola ndi za simenti ku Chilanga. Black anaphunzitsa anzake zinthu ziwiri: kuti mpweya uli wa mitundumitundu, ndi kuti mpweya uli ndi kulemera, ungakhale mbali ya mwala wolimba.

Pa 1 August 1774 mbusa wina wa ku England, Joseph Priestley, anatenga galasi lalikulu losonkhanitsa dzuwa, nalunjikitsa kutentha kwake pa ufa wofiira umene upangika pamene mercury itenthedwa pamphepo. Mercury ndi citsulo camadzimadzi conyezimira cija cinali kukhala m'zoyesera kutentha kwa thupi zakale za kucipatala. Ufawo unaturutsa mpweya umene kandulo inayakamo ndi lawi lowala modabwitsa, ndipo pambuyo pake anaona kuti mbewa ikhala ndi moyo nthawi yaitali m'botolo la mpweya umenewo koposa m'botolo la mpweya wamba. Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anali ataupeza kale mpweya womwewo, koma buku lake linacedwa kusindikizidwa kufikira 1777. Onse awiri anali okhulupirira phlogiston, ndipo Priestley anati wapeza mpweya wopanda phlogiston, umene cifukwa ca njala yake umeza phlogiston ya kandulo mofulumira. Mu October caka comweco anapita ku Paris, ndipo pa cakudya ca madzulo anasimba zimene anaona kwa mwini nyumba, Antoine Lavoisier.

Lavoisier anali munthu wa sikelo. Nchito yake ina inali yosonkhetsa misonkho ya mfumu, ndipo m'nyumba yake yoyeseramo zinthu anali kucita monga wosunga mabuku a ndalama: colowa ciwerengedwe, coturuka ciwerengedwe, ndipo mbali ziwirizo zilingane. Mkazi wake, Marie-Anne, ndiye anali kulemba zotsatira, kujambula zipangizo ndi kummasulira zolemba za Cingerezi. Mu 1772 Lavoisier anali ataona kale kuti sulufule ndi phosphorus zikapsa, zoturukapo zake zilemera koposa zimene anayamba nazo. Mu 1774 anatenthetsa tin m'botolo lotsekeratu, monga Mikhail Lomonosov anacitira ndi zitsulo ku Russia mu 1756. Citsulo cinacita phulusa, koma botolo lonse pamodzi ndi zam'kati linalemera cimodzimodzi monga poyamba. Atalitsegula, mpweya unalowa mwamphamvu, ndipo pamenepo mpamene kulemera kunakwera. Cinali coonekeratu kuti citsulo sicinataye kanthu, koma cinatenga kanthu kucokera mumpweya wa m'botolo.

Kuyesa kwake kochuka koposa kunatenga masiku 12. Anaika mercury m'botolo la khosi lalitali lopindika, lolumikizidwa ku mpweya woyesedwa bwino, nasonkhezera moto usana ndi usiku. Pa tsiku laciwiri timadontho tofiira tinayamba kuoneka pamwamba pa mercury, ndipo tinacuruka masiku otsatira kufikira tinaleka. Mpweya unali utacepa ndi gawo limodzi mwa magawo 6, ndipo mumpweya wotsalawo kandulo inali kuzima pomwepo. Tsono anasonkhanitsa ufa wofiirawo, wosakwana ndi magalamu 3 omwe, nautenthetsa kolimba pawokha. Mercury inabwerera yonyezimira, ndipo panaturuka mpweya wocuruka pafupifupi ndendende ndi uja unasowa. Atausanganiza ndi wotsala uja, anapezanso mpweya wamba. Mpweya wosowawo anaucha okosijeni, ndipo lero tidziwa kuti pa magawo 100 a mpweya umene tipuma, 21 ndi okosijeni. M'buku lake la mu 1789 Lavoisier analemba lamulo limene sayansi yonse ya kusanduka kwa zinthu yaimapo: pa kusintha kulikonse, kulemera kwa zonse zolowa kulingana ndi kulemera kwa zonse zoturuka, malinga tiwerenge ndi mpweya womwe. Ana inu musayese kucita zimenezi, pakuti mercury ndi nthunzi yake ndi poizoni woopsa.

Priestley sanagonje. Anamwalira ku America mu 1804 akutetezabe phlogiston. Lavoisier anadulidwa mutu pa 8 May 1794, pa nthawi ya cipolowe cacikulu ca ku France, osati kaamba ka sayansi koma kaamba ka misonkho ija. Anali ndi zaka 50.

Tsopano tibwerere ku Kansanshi titanyamula sikelo. Tiyerekeze kuti tasankha makilogalamu 100 a malachite weniweni wopanda mwala wina. Moto ukayamba kuugwira, mwalawo ulekana: muturuka nthunzi ya madzi ndi mpweya uja wa Joseph Black, zonse pamodzi makilogalamu 28, ndipo patsala makilogalamu 72 a cinthu cakuda. Cakudaco ndi mkuwa wogwirana ndi okosijeni. Pamenepa mpamene makala agwira nchito yao yaciwiri. Makala oyaka m'ng'anjo yothinana, momwe mphepo siikwanira, aturutsa mpweya wochedwa carbon monoxide, umene uli ndi njala ya okosijeni. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'mwezi wa June. Mpweya umenewu ulanda okosijeni ku cinthu cakuda cija, makilogalamu ngati 15, ndi kuuluka naye kumwamba. Pansi patsala makilogalamu 57 a mkuwa. Amisiri akale sanali kupeza onsewa, cifukwa mtapo wao unali wosanganikirana ndi miyala ina ndipo mkuwa wina unali kutsalira m'zinyalala, koma cosowaco sicinafe ai, cinapita mumlengalenga. Stahl anati makala apatsa mtapo kanthu. Sikelo inasonyeza kuti makala aulanda kanthu. Ndipo mkuwawo sunalengedwe m'ng'anjo. Unalimo kale m'mwala wobiriwira, womangika ndi zinthu zina kotero kuti maonekedwe ake onse anabisika. John Dalton, mphunzitsi wa ku Manchester, anafotokoza zimenezi mu 1808 ponena kuti zinthu zonse zapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka tochedwa maatomu, ndipo pa kusintha kobala catsopano maatomu satayika, angosiya anzao akale ndi kugwirana ndi ena.

Migodi ikuluikulu ya ku Luanshya, Nkana ndi Mufulira itayamba kuyenga m'zaka za m'ma 1930, mtapo wake unali wa pansi kwambiri, momwe mkuwa ugwirana ndi sulufule. Poyenga mtapo wotere amauzira mpweya mumwala wosungunuka kuti okosijeni atenge sulufuleyo, ndipo zoturukapo zake ndi utsi wotsamwitsa umene anthu a ku Mufulira amaucha senta. Kwa zaka zambiri utsiwo unali kungoturutsidwa m'mwamba, ndipo anthu okhala pafupi anaudziwa ndi cifuwa, maso oyabwa, ndiwo za m'dimba zofota ndi malata odyeka. Fungo lacilendo nalonso ndi cizindikiro cakuti cinthu catsopano cabadwa, ndipo si cobadwa ciriconse cimene ciri cabwino. Ng'anjo za masiku ano, monga ija inayamba nchito ku Kansanshi mu 2015, zimagwira utsi wambiri ndi kuusandutsa asidi. Asidiyo amathiridwa pa mtapo wobiriwira, umene ucita thovu ndi kusungunuka kukhala madzi amtundu wa thambo, ndipo magetsi ndiwo aturutsa mkuwa m'madzimo.

Kwa inu aphunzitsi ndiri ndi mau awiri. Oyamba ndi akuti zizindikiro zimene tiphunzitsa ana, monga kusintha kwa mtundu, thovu, fungo, kutentha ndi kuwala, ndi mboni cabe, ndipo mboni nthawi zina inama. Madzi owira acita thovu, koma nthunzi yake ikagunda civundikiro ikhalanso madzi. Nsalu yonyikidwa m'utoto isintha mtundu ikhalabe nsalu. Mwana azolowere kufunsa funso limodzi: kodi ciripo cinthu pano cimene panalibe poyamba, ca khalidwe lina? Aciwiri ndi okhudza lamulo lija lopezeka m'mabuku ambiri, lakuti kusintha kwa maonekedwe kutheka kukubweza koma kwinako sikutheka. Lamuloli ndi lothandiza pa dzira lophika ndi nkhuni zopsa, koma musalikhulupirire kopitirira. Cimanga cikapita kucigayo palibe angacibweze kukhala maso a cimanga, komabe ufa si cinthu catsopano. Ndipo mercury ya Lavoisier inasanduka ufa wofiira nibwereranso, ngakhale kusanduka konse kuwiri kunali kobala catsopano. Kuyenga kwenikweniko ndi kubweza kumene: kumasula cimene mpweya ndi madzi zinamanga pansi pa nthaka kalekale.

Zimenezi mungathe kuzionetsa pabwalo la sukulu popanda cipangizo cogula. Pezani kacidutswa ka waya wa magetsi wotha nchito, musende cikopa cake conse, ndipo ana aupinde, audule ndi kuuphwatalalitsa pamwala, aone kuti ukhalabe wofiira. Tsono inu nokha, mutaugwira ndi pulayala pakuti mkuwa utenthetsa dzanja msanga, uikeni pamakala a mbaula kufikira utafiira ndi moto, ndi kuuturutsira pamphepo. Udzada. Musagwiritse nchito kandulo, cifukwa mwaye wake udzanyenga ana: mwaye ungomatirira ndipo ucoka ndi kansalu, pamene kuda kwa pambaula ndi khungu latsopano la mkuwa ndi okosijeni. Mukaubwezera pakati penipeni pa makala oyaka ndi kupenyetsetsa, mudzaona kuda kuja kukucoka ndi kufiira kwa mkuwa kukubwerera, ndipo pamenepo ana adzakhala ataona ndi maso ao nchito ya ng'anjo ya ku Kansanshi. Kacidutswa kena kakuda mukaike m'madzi a mandimu othira mcere pang'ono, ndipo kadzayera.

Mkuwa ukasiyidwa pacinyezi zaka zambiri, mpweya ndi madzi ziugwiranso, ndipo ucita khungu lobiriwira la mtundu umodzi ndi mwala umene unacokerako. Ndi zimene zinacitikira zibangiri za ku Ingombe Ilede pa zaka mazana anai kapena asanu zimene zinakhala m'nthaka. Nsalu ikakwiriridwa m'dothi lotentha la m'cigwa ca Zambezi iola msanga, cifukwa tizilombo tosaoneka tiidya. Koma khungu lobiriwira la mkuwa ndi poizoni kwa tizilomboto. Cotero ofukula aja atanyamula zibangiri pa mafupa a mikono ndi miyendo, anapeza tizidutswa ta nsalu ya thonje ndi ya makungwa titamatirira pansi pake, ulusi wake ukuonekabe, pamene nsalu ina yonse inatha kalekale. Kucokera pa tizidutswa timeneti akatswiri anatha kuona kalukidwe ka nsalu zimene anthuwo anavala poikidwa m'manda.